Chotupa Chapansi pa Lilime Sichofuna Singano

Pali nthenda ina ya ana imene siioneka kawirikawiri, ndipo chifukwa cha kusowa kwakeko makolo ambiri saidziwa konse. Pansi pa lilime pamatuluka chotupa chofewa, chobiriwira pang'ono, chodzala ndi madzi onanda. Madotolo amachitcha ranula, liwu la Chilatini lotanthauza kachule, pakuti chimafanana ndi mimba ya chule.

Magwero ake ndi awa. Malovu amapangidwa ndi tiziwalo tokhala kutsogolo kwa makutu, pansi pa nsagwada ndi pansi pa lilime. Kanjira ka kachiwalo kapansi pa lilime kakatsekeka kapena kung'ambika, malovu amaunjikana m'mnofu. Nthawi zina amatsikira m'khosi, khosilo nkutupa.

Pamenepa mpamene anthu amalakwa. Poona kuti mwana sakulira, ena amangokhala. Ena amaboola ndi singano kapena kutema mphini. Madzi amatulukadi, banja nkukondwa, koma gwero lake likadalipo, chotero posakhalitsa chotupa chimabweranso, mwinanso ndi mafinya. Ngakhale kuchipatala, kupopa madzi kokha sikuchiritsa. Njira yodalirika koposa ndiyo kuchotsa kachiwaloko, ndipo mwana sauma m'kamwa popeza tina tija timapitiriza ntchito. Kwa khanda dotolo angathe kuyamba wadikira, pakuti zina zimaphwa zokha. Koma wolamula kudikirako akhale dotolo, osati achibale.

Ndiponso zotupa zonse sizofanana. Matsagwidi amapweteka, nkutha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Kutupa kosapweteka kutsogolo kwa makutu onse awiri nthawi zina kumasonyeza HIV, ndipo madotolo a ku Zimbabwe anaona kuti ambiri mwa odwala ranula amene anawayeza anali ndi kachilomboka. Palinso khansa yotupitsa nsagwada imene Denis Burkitt analongosola ku Uganda mu 1958. Imeneyi imagwira ana ambiri kuno kwathu, ndipo imakula pa masabata owerengeka. Diso la kholo silingasiyanitse zonsezi. Pafunika kuyeza magazi, kuunika ndi makina a ultrasound, kapenanso kupima kanyama ka pachotupapo.

Mphunzitsi ndiye aona mwana tsiku ndi tsiku, ndiye ayamba kumva kuti mawu ake sakumveka bwino powerenga. Ayenera kuitana makolo ndi kuwauza mosabisa kuti apite kuchipatala chapafupi, kumene angawatumize kuchipatala chachikulu. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli chigawo cha opaleshoni ya ana cha Mercy James, chimene chinatsegulidwa mu 2017. Mwana amene akulephera kumeza kapena kupuma asagone naye kunyumba.