Tabuleti kapena Kindle, kholo ligule chiti?

Kholo la kwa Kamwendo kapena kwa Mkanda likagulitsa soya ndi mtedza n'kuganiza zogulira mwana makina owerengera mabuku, limapeza mitundu iwiri: tabuleti ndi e-reader, monga Kindle yomwe kampani ya Amazon idatulutsa mu 2007. Pamaso zimafanana, koma ntchito yake ndi yosiyana.

E-reader ndi yowerengera basi. Galasi lake limaoneka ngati pepala, zilembo sizisowa ngakhale padzuwa la pamsika, ndipo batire limatha milungu ingapo osatchaja. Imeneyi si nkhani yamasewera m'dziko lomwe kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba 11 zokha mwa 100 zilizonse zimaunikira magetsi a Escom. Wageni wochokera ku Chipata kudzera pachipata cha Mwami atha kuwerenga mu minibasi mpaka ku Lilongwe, n'kubwerako batire lili chikhalire. Tabuleti ikagwira ntchito tsiku limodzi, yayamba kale kulira moto.

Koma funso lalikulu ndi lakuti, mwanayo awerengamo chiyani? Mabuku a Chichewa m'sitolo ya Amazon ndi owerengeka, ndipo kugulako kumafuna khadi ndi ndalama zakunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, buku la madola ochepa limadya ndalama ya ndiwo ya masiku angapo.

Zomwe ophunzira amawerenga kwenikweni ndi manotsi ndi mapepala akale a mayeso a Maneb, omwe amatumizirana pa WhatsApp ngati PDF. WhatsApp pa Kindle palibe, ndipo tsamba lojambulidwa ukaliika pakagalasi ka mainchesi 6 zilembo zimachepa ngati nyerere. Zithunzi za Biology nazo zimataya mitundu pa e-reader zambiri. Apa tabuleti ndiye dolo.

Boma nalo lidatsata njira yomweyo. Mu 2023 unduna wa zamaphunziro udayamba pologalamu ya BEFIT yophunzitsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi sola. Komatu matabuleti akusukuluwo adawatsekera pa maphunziro okha. Yogula pashopu imabwera ndi mafilimu, mpira ndi TikTok, ndipo bando yogulira manotsi imatha usiku umodzi.

Choncho kwa mwana wa Fomu 4, tabuleti ndiyo yothandiza, bola pabajeti pakhalenso kasola kotchajira. E-reader imuyenera mphunzitsi kapena m'busa yemwe amawerenga mabuku ataliatali a Chingerezi ali paulendo.