Bokosi lakale la zida lisathamangire pa sikelo

Anyamata ogula zitsulo zakutha akafika pamsika ndi sikelo yawo, chinthu chimene chimatuluka msanga pansi pa benchi ya wokonza njinga kapena makaniko ndi bokosi lachitsulo losungiramo masipanala. Lachita dzimbiri, chivundikiro chikulendewera, ndiye mwini wake amangolipereka pamtengo wa pa kilogalamu. Mawa lake akagula lapulasitiki, lomwe chogwirira chake chimathyoka likangodzaza zida. Kumeneko n'kuluza kawiri.

Chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja m'mashopu a hadiweya sagwirika. Pomwe bokosi lakale lolemera lija chitsulo chake n'chochindikala, ndipo nthawi zambiri dzimbiri limakhala langodya pamwamba pokha.

Si lililonse loyenera kulivutikira. Mwini wake alitembenuze n'kubaya pansi pake ndi msomali, makamaka m'makona momwe madzi amakhazikika. Msomali ukamalowa paliponse, limenelo lipitedi pa sikelo. Koma ngati laboola malo amodzi kapena awiri, wokhoma zidebe akhoza kuikapo chigamba ndi marivetsi. Apa ambiri amalakwitsa pothamangira kwa wowotcherera ndi magetsi: moto wake umapyoza chitsulo chopyapyala, ndipo kabowo kolowa chala kamasanduka dzenje lolowa chibakera.

Ntchito yeniyeni ili pochotsa dzimbiri, ndipo imafuna kudekha kuposa ndalama. Choyamba girizi ndi oyilo wakale zichoke ndi palafini, chifukwa penti sagwira pa mafuta. Kenako bulashi ya waya, ndiye sandipepala, mpaka chitsulo chionetse kuyera kwake. Mahinjesi ndi timabawuti togwidwa ndi dzimbiri tigone usiku wonse m'viniga wamba wa m'golosale. M'mawa titsukidwe ndi madzi othira soda wophikira, tiumitsidwe padzuwa nthawi yomweyo. Chitsulo chopalidwa sichichedwa kufiiranso, choncho penti woyamba wa red oxide apakidwe tsiku lomwelo, mopyapyala, kawiri. Penti wonyezimira abwere woyambayo atauma bwinobwino.

Wopala asamale ndi fumbi. Penti wambiri wakale anali ndi mtovu, womwe ndi poizoni makamaka kwa ana, ndiye ndi bwino kunyowetsa popala, kutseka mphuno ndi pakamwa, komanso kugwirira ntchitoyi kutali ndi amayi ogulitsa mandasi ndi chiwaya cha tchipisi. Kuwotcha bokosi pamoto kuti penti ayobuke ndi njira yachidule yoipa: utsi wake ngoopsa ndipo chivundikiro chimapindika, osatsekekanso.

Palinso amene amagula mabokosi otere kuti agulitsenso, ndipo bizinesiyo ndi yabwino. Chimene chimaiononga ndi chinyengo chopaka penti wofiira kapena wabuluu pamwamba pa dzimbiri. Pa tebulo limawala ngati latsopano, koma mvula ikangoyamba penti amatupa matuza n'kuyamba kusendeka. Wogulayo ndi mmisiri wa pamsika womwewo, amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo amauza anzake. Wogulitsa wochenjera amatsegula bokosi, amalitembenuza, amaonetsa chigamba ndi red oxide m'kati, n'kutchula mtengo wake osachita manyazi. Mmisiri amene amadziwa chitsulo salimbana naye kwambiri.

Likatha kukonzedwa, bokosilo lisakhalenso pa simenti kapena pa dothi, chifukwa chinyontho chimayambira pansi. Timatabwa tiwiri n'tokwanira kulikweza. M'kati muyalidwe chubu chakutha cha galimoto kuti masipanala asamakande penti, pa mahinjesi padonthezedwe oyilo kamodzikamodzi, ndipo pa chivundikiro pakhale pokolekera loko wolimba, poti zida za m'katimo ndi zodula kuposa bokosilo.