MWANA WOPAMBANA MOBERA WAPAMBANA CIANI?

Ana athu apeza bwalo latsopano losewererapo. Bwalo limeneli silili pa mcenga kapena pansi pa mtengo wa mango. Liri m'galasi la foni ndi la kanema. M'misika muli tinyumba ta masewero, mmene mwana amalipira mametikali owerengeka nasewera mphindi zingapo. Kumudzi kumene kulibe magetsi, foni ya bambo ikadzazidwa moto ndi sola, mwana amaibwereka madzulo.

M'masewero amenewa muli cinthu cimodzi cimene makolo muyenera kucidziwa. Ana amati kodigu, kucokera ku liu la Cipwitikizi lakuti código. Akakhala ambiri ndi makodigu. Kodigu ndi mau acinsinsi, kapena mabatani odinda motsatana, amene amapatsa wosewera mphamvu zimene sanazivutikire. Wina amapeza ndalama zambiri za m'sewero. Wina amapeza zida zonse. Wina sakufa ngakhale amuombere kakhumi.

Tsono funso ndi ili: kodi ana athu azigwiritsa nchito makodigu? Ena amati, "Asiyeni, ndi masewero cabe." Ena amati, "Landani foni, zonsezo ndi zoipa." Ife tikana mayankho onse awiri. Koma loyambalo ndilo tilimbana nalo kwambiri, cifukwa ndilo lofala, ndipo ndilo lopepuka kwa kholo limene labwera kumunda litatopa.

KUMENE KODIGU INACOKERA

Kodigu yochuka koposa zonse inacokera ku Japan m'caka ca 1986. Mmisiri wina wa kampani ya Konami, dzina lake Kazuhisa Hashimoto, anali kukonza sewero lochedwa Gradius kuti anthu azisewera m'nyumba zao. Nchito yake inafuna kuti aziyesa sewerolo kawirikawiri, koma linali lovuta ndipo iye anali kugonja asanafike patali. Cotero anadzipangira njira. Akadinda m'mwamba kawiri, pansi kawiri, kumanzere, kumanja, kumanzere, kumanja, kenaka B ndi A, anali kulandira mphamvu zambiri nthawi yomweyo. Njirayo inatsalira m'sewero, anthu naitulukira. Mu 1988 kodigu yomweyo inachuka ku America m'sewero la Contra, mmene inali kupatsa wosewera miyoyo 30 m'malo mwa 3.

Taonani bwino mbiri imeneyi. Kodigu inayamba ngati cida ca mmisiri pa nchito yake. Inali ngati makwerero a womanga nyumba. Makwerero ndi abwino pofolera denga. Koma palibe munthu amene amagona pa makwerero. Nyumba ikatha, timawacotsa ndi kulowa pakhomo.

MWANA AKASEWERA YEKHA

Inu amai ndi abambo a m'kalasi mudziwa cimene cimacitika tsiku loyamba. Dzanja limene lazolowera khasu limanjenjemera likagwira pensulo. Mphunzitsi amagwira dzanja lanu ndi kuliyendetsa, mpaka cilembo A cioneke. Palibe manyazi pamenepo. Koma bwanji mphunzitsi atagwira dzanja lanu caka conse? Kope likhoza kudzala ndi zilembo zokongola, koma tsiku losaina dzina ku cipatala kapena ku ofesi mudzapemphabe inki ya cala.

Kodigu iri ngati dzanja la mphunzitsi. Mwana wamng'ono amene wayesa, wagonja, wayesanso, nakakamira pamalo amodzi mpaka kulira, akhoza kuthandizidwa nayo kuti aoloke. Mwana amene watsiriza sewero ndi mphamvu zake, nafuna kuona zina zobisika m'menemo, sanabere munthu. Makodigu otere anaikidwamo ndi eni sewero. Ndiponso tivomereze kuti ana ambiri amakopera makodigu pa pepala mosamala kwambiri, cifukwa cilembo cimodzi cikalakwika kodigu sigwira. Kusamala kumeneko ndi kwabwino.

Koma mwana amene amayamba ndi kodigu asanayese ndiye atidetsa nkhawa. Tengani sewero la GTA San Andreas, limene linatuluka mu 2004 ndipo ana amalikondabe. Pa kompyuta, wosewera akalemba zilembo 7 izi, HESOYAM, amalandira moyo wodzala, covala coteteza thupi, ndi madola 250,000 a m'sewero. Sanagwire nchito iri yonse. Mawa akapeza cobvuta, salingalira. Amangofunsa mnzake kuti, "Kodigu yake ndi iti?" Cinthu cabwino cimene sewero likhoza kuphunzitsa mwana ndi ici: wagwa, dzuka, yesa njira ina. Akuluakulu anati kanthu ndi khama, phwiti anakwatira njiwa. Mwana wa makodigu okhaokha saphunzira khama limeneli. Amaphunzira kuti khoma liri lonse liri ndi kabowo kake, ndipo wanzeru ndi amene adziwa kabowoko.

Palinso cina pa sewero lomweli. Pa cikuto cake m'maiko a ku Ulaya pali nambala 18. Tanthauzo lake ndi lakuti sewerolo ndi la akulu, cifukwa muli kuba magalimoto ndi kuomberana. Nambala mumazidziwa tsopano. Mukaona 18, funso la kodigu libwere pambuyo. Loyamba likhale lakuti, kodi mwana wa zaka 9 afunanji m'menemo?

MWANA AKASEWERA NDI ANZAKE

Apa ndipo yankho lathu liri limodzi lokha. Iai!

Tonse tidziwa bawo. Amuna awiri akhala pansi pa mtengo, anthu awazinga. Mmodzi aceukira mwana amene akumuitana. Winayo atola njere ziwiri m'dzenje la mnzake naponya m'dzenje lake. Pomaliza apambana. Kodi pali munthu m'mudzi muno amene anganene kuti, "Musiyeni, ndi masewero cabe"? Palibe. Munthu wotero timamucha wakuba, ndipo mawa sapeza womuseweretsa. Ngakhale pa nkhani za munda ndi ngongole timayamba kumukayikira.

Cimene cimacitika m'foni ndi comweco. Sewero la Free Fire, limene kampani ya Garena ya ku Singapore inatulutsa mu 2017, limasonkhanitsa osewera ofika 50 pa cilumba cimodzi kudzera pa intaneti. Wotsala womaliza ndiye wapambana. Osewerawo ndi anthu enieni, ali yense ndi foni yake kwao. M'sewero lotere eni ake sanaikemo makodigu osafa. Cotero ofuna kubera amalowetsa m'foni maprogramu ocokera kwa anthu ena. Ndi maprogramu amenewa, wosewera amaona adani kuseri kwa khoma, ndipo mfuti yake imadzilozera yokha pamutu pa mnzake. Ana enawo sadziwa. Ena a iwo anagula intaneti ndi ndalama za nthoci kapena za usipa zimene mai ao anagulitsa. Wakubayo wawabera nthawi, wawabera ndalama, wawabera cisangalalo.

Wina adzati, "Koma sakuwaona, sawadziwa, ali kutali." Ndiye cifukwa cake tiopa. Mwana amene aphunzira kuti kubera munthu amene sukumuona si mlandu waphunzira phunziro loipa koposa. Wogulitsa cimanga amene amakonza sikelo yake usiku amaganiza cimodzimodzi. Wolowa m'mayeso ndi kapepala m'sokosi amaganiza cimodzimodzi. Sitikunena kuti mwana ali yense wobera m'sewero adzakhala mbala. Tikunena kuti cizolowezi cimamera pamene cabzalidwa. Mmera mpoyamba.

Ndipo musaganize kuti kunja kuno nkhaniyi amaitenga mopepuka. Makampani amatseka maakaunti a obera, ndipo zonse zimene mwana anasonkhanitsa m'menemo zimatayika. Mu 2017 kampani ya Epic Games ya ku America inasumira ku khoti anthu ena obera m'sewero la Fortnite. Pambuyo pake kunadziwika kuti mmodzi wa iwo anali mnyamata wa zaka 14, ndipo mai ake ndiwo analembera khoti kalata yomuteteza. Ku South Korea lamulo limene linayamba kugwira nchito mu 2017 linati wopanga ndi kufalitsa maprogramu obera akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Ngati ndi masewero cabe, makhoti alowamo bwanji?

NYAMBO NDI MBEDZA

Asodzi a ku Metangula ndi ku Cóbuè adziwa kuti nsomba imathamangira nyambo osaona mbedza. Mwana wofunafuna makodigu pa intaneti ali ngati nsomba imeneyo.

M'masewero ambiri a pa foni muli ndalama za m'sewero zimene zimagulidwa ndi ndalama zenizeni. Mu Free Fire amazicha madayamondi. Mwana amazikhumba, koma alibe cogulira. Tsono akathyali amamulonjeza kuti, "Madayamondi aulere, lowa apa." Akalowa amamuuza kuti alembe nambala ya foni. Kenaka alembe mau acinsinsi a akaunti yake. Nthawi zina amamuuza kuti atumize nambala imene yangofika kumene pa uthenga, kapena alowetse programu yacilendo imene ikhoza kuwerenga za m'foni.

Kodi foniyo ndi ya yani? Ndi yanu. M'menemo ndimo muli M-Pesa kapena e-Mola yanu. M'menemo ndimo mwana wanu wa ku Beira kapena ku Joni amatumiza ndalama za feteleza. Palibe mlendo amene amagawa cuma kwaulere kwa ana amene sawadziwa. Wokulonjeza caulere ali ndi cimene afuna kwa iwe. Cotero nkhani ya makodigu yafika pa thumba lanu, ngakhale inu simunasewerepo.

KULANDA FONI SI MANKHWALA

Tsono tiyankhe aja amati, "Landani foni." Mukalanda, mwana adzapita kwa mnzake kapena ku kanyumba ka kumsika. Adzasewerabe, koma inu simudzaonanso. Mukammenya, adzaphunzira kubisa. Tikufuna kucotsa cinyengo, ndipo ndodo imaonjezera cinyengo.

Ena amati, "Ine zimenezi sindizidziwa, ndi za ana." Amai, abambo, simusowa kudziwa mabatani. Mudziwa kale cimene ciri cacikulu. Mudziwa kusiyana kwa kupambana ndi kubera. Khalani pafupi ndi mwana. Muuzeni akuonetseni sewerolo. Mufunseni kuti, "Awa uli kumenyana nao ndi anthu kapena ndi makina? Mphamvu izi wazipeza bwanji? Anzakowo adziwa?" Mwana amakondwa kuphunzitsa kholo lake. Pophunzitsapo adzaulula zambiri zimene ndodo sikanatulutsa. Ndipo zilembo zimene muli kuphunzira muziyese pa galasi lomwelo. Werengani dzina la sewero. Werengani nambala ya zaka. Werengani uthenga usanayankhidwe.

TIGWIRIZANE ZINAI

Coyamba: posewera ndi anthu ena, kaya ali pa mphasa imodzi kaya ali kutali, kodigu iai. Ngati onse agwirizana poyera kuti lero tiseke ndi makodigu, palibe wobedwa. Cobisa ndico coletsedwa.

Caciwiri: posewera yekha, mwana ayambe wayesa ndi mphamvu zake. Kodigu ibwere pambuyo, ndipo asadzitame kuti wapambana. Anene zoona: "Apa ndadutsa ndi kodigu."

Cacitatu: programu yocokera kwa munthu wosadziwika isalowe m'foni ya pakhomo. Nambala yacinsinsi ya ndalama ikhale m'mutu mwa mwini foni yekha.

Cacinai: mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Eni tinyumba ta masewero, inunso ndinu makolo. Mukaona wamkulu akubera wamng'ono amene walipira mametikali ake, musaseke. Lankhulani.

Mwana wogonja mwacilungamo wapita kwao ndi kanthu. Wadziwa pamene walakwa, ndipo mawa adzabwera wamphamvu. Mwana wopambana mobera wapita kwao ndi dzina pa galasi, dzina limene lidzazima foni ikatha moto. Luso alibe, ndipo mumtima adziwa kuti alibe. Tisamuombere m'manja. Timufunse funso limene agogo ake akanamufunsa pa bawo: wapambana ciani?

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi m'mudzi mwanu munthu wobera pa bawo amamucita ciani?
2. Kodi kodigu ya mwana wosewera yekha isiyana bwanji ndi ya mwana wosewera ndi anzake?
3. Ndani adziwa nambala yacinsinsi ya ndalama za m'foni yanu?
4. Lembani m'kope mau awa: kodigu, khama, cilungamo.