Ofufuza za khansa tiziwayesa ndi chiyani?

Tikamalemba ntchito za m'kalasi, aphunzitsi amatilangiza kuti tiziwerenga akatswiri amene anzawo amawatchula kwambiri. Timatsegula Google Scholar n'kuona kuti wasayansi uyu walemba mapepala angati, ndipo ena amutchula kangati. Palinso muyeso wotchedwa h-index umene Jorge Hirsch anauyambitsa mu 2005. Munthu wa h-index 40 ndiye kuti ali ndi mapepala 40 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 40. Muyesowu ndi wothandiza, koma ife tikuti pa nkhani ya khansa sukwanira.

M'zaka za m'ma 1920, Otto Warburg wa ku Germany anapeza kuti maselo a khansa amadya shuga wambiri kuposa maselo abwinobwino. Lero ofufuza ambirimbiri amatchula ntchito yake, ndipo makina a PET scan amapeza chotupa potsata malo amene shuga akudyedwa kwambiri m'thupi. Koma mfundoyi imatifika bwanji kuno? Kawirikawiri imabwera pa WhatsApp itapotozedwa: akuti ukasiya shuga, khansa imafa ndi njala. Limeneli ndi bodza. Nsima, mpunga ndi mbatata zimasanduka shuga m'thupi, ndipo thupi limadzipangiranso shuga lokha. Kudya moyenera n'kwabwino, koma wodwala amene wasiya chipatala chifukwa cha uthenga wotere akutaya nthawi imene ikanamupulumutsa.

Tsono taganizirani mayi wa kwa Mwambo, m'boma la Zomba, amene amagula matemba padoko la Kachulu n'kukagulitsa pa Jali. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Kafukufuku amene angafike kwa mayiyu ndi uja anaonetsa kuti namwino angathe kupaka vinega pakhomo la chiberekero, n'kuona pamene payera, n'kupereka thandizo nthendayo isanakule. Mwana wake wamkazi angatetezedwe ndi katemera wa HPV, kachilombo kamene Harald zur Hausen anapeza kuti kamayambitsa khansa imeneyi. Katemerayu anayesedwa koyamba ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, ndipo mu 2019 anafika m'dziko lonse.

Nthawi zinanso manambala amachedwa kuzindikira ntchito yabwino. Mu 1958 Denis Burkitt, dokotala amene ankagwira ntchito ku Uganda, analemba za ana otupa nsagwada, koma poyamba ndi ochepa amene analabadira. Iye sanagwe ulesi. Anayendera zipatala zambiri za mu Africa n'kuona kuti khansa imeneyi imachuluka m'madera otentha ndi achinyontho, ndipo kenako zinadziwika kuti malungo amathandizira kuiyambitsa. Madambo a mpunga a m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa ndi malo oterewa. Pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi anzake anatha zaka zambiri akufufuza njira yochizira khansa ya Burkitt ndi mankhwala amene zipatala zathu zingakwanitse. Phindu la ntchito yotere ndi mwana amene wabwerera kumudzi atachira.

Sitikunyoza ofufuza otchuka. Popanda ntchito ya m'malabotale akutali, katemera sakanakhalapo. Tikungoti pambali pofunsa kuti munthu watchulidwa kangati, tizifunsanso kuti zimene anapeza zafika kwa ndani.

Funso lomweli likutikhudza ife ophunzira. Ambiri tidzachita kafukufuku tisanamalize maphunziro. Tisangosankha mutu wosavuta kuti tikhoze. Tikafunse chimene chimachedwetsa amayi a kwa Mwambo kukapimitsa: kodi ndi ndalama ya kabaza, manyazi, kapena mphekesera zoti katemera amatseka mimba? Zimene tapeza tikazifotokoze m'Chichewa kwa mafumu, kwa alangizi a zaumoyo ndi kwa anthu amene anatiyankha mafunso, osati kungozisiya mu laibulale.

Ndipo inu makolo ndi abale mumpingo, lolani atsikana alandire katemera, limbikitsani amayi kukapimitsa, ndipo mwana akatupa nsagwada kapena mimba, thamangirani naye kuchipatala. Uthenga wolonjeza kuchiza khansa ndi zakudya zokha ukakufikani pafoni, uthere pomwepo.