Mendulo ya agogo ilibe golide

 Pali mphekesera imene yakhala ikuyenda m'misika ndi m'maminibasi, ndipo tsopano yakwera pa WhatsApp. Akuti mamendulo amene agogo athu anabwera nawo kuchokera kunkhondo ali ndi golide m'kati. Ena akuti ayi, muli mekyule wofiira. Ena afika ponena kuti mendulo yeniyeni ukaiika pafupi ndi mpunga, mpungawo umayenda wokha kuilondola, ndipo kuli bwana wina kutauni amene akugula imodzi pa mamiliyoni. Ine ndikuti limeneli ndi bodza, ndipo ndaona ndi maso anga zimene likuwononga.

Nthawi yokumba mbatatesi ndinapita kukaona azakhali anga kufupi ndi Kabwazi, ku Dedza. Titatha kulonjerana analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi kachitini kadzimbiri. M'menemo munali mamendulo atatu okulungidwa m'kansanza ka chitenje. “Mwanawe, iwe unapita kusukulu, tandiuza. Ati izizi zingandimangire nyumba yamalata?” Ndinawatenga limodzilimodzi. Yoyamba inali nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi, yolembedwa kuti The Burma Star. Yachiwiri inali yozungulira, yoyera, mkango utaponda chilombo. Yachitatu, yolemererako, inali ya agogo awo, ya nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Imeneyi ndiyo inandiwawitsa mtima. Mdzukulu wina anali ataikwecha ndi phulusa ndi mchenga mpaka kung'anima ngati poto watsopano, kenako n'kuipala m'mphepete ndi fayilo kuti aone golide uja. Golide sanamupeze.

Sakanamupeza, chifukwa mulibemo. Nyenyezi zonse za nkhondo ya 1939 mpaka 1945, kaya Burma Star kaya Africa Star, zinaumbidwa ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki. Kuchita chikasu kuja ndi mtundu wa mkuwa basi. Yoyera ya mkango ija, War Medal, ndi mkuwa wosakaniza ndi nikelo, chitsulo chonga cha makobidi akale aja a 10 tambala. Ya nkhondo yoyamba, British War Medal, imene ili ndi mutu wa mfumu George V mbali ina ndi munthu wokwera hatchi mbali inayo, ndi siliva ndithu, koma wongolemera pafupifupi magalamu 30, ndipo anapanga zoposa 6 miliyoni. Chinthu chimene chili m'nyumba mamiliyoni ku Britain, India ndi Australia, mzungu angachitsatirenji mpaka ku Dedza atanyamula chikwama cha ndalama? Ku London, mamendulo wamba a nkhondo yachiwiri amagulitsidwa mapaundi ochepa, kawirikawiri osapitirira 30 imodzi. Za mpungazo sinditayirapo nthawi. Palibe chitsulo chokoka mpunga, ndipo siliva ndi mkuwa sizikokedwa ngakhale ndi maginito.

Wina anena kuti, nanga si tamva kuti mendulo ina inagulidwa ndalama zankhaninkhani? Zoona, munamva bwino. Imeneyo ndi Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya ungwazi ku Britain. Alexander Cobbe, amene dzina lake lili pa kambi ya asilikali ya Cobbe ku Zomba, anailandira chifukwa cha zimene anachita ku Somaliland m'chaka cha 1902. Koma mudziwe ichi: Victoria Cross si ya golide, si ya siliva. Ndi ya mkuwa wakuda, wosawala n'komwe. Ogula amalipira dzina la mwini wake, tsiku ndi malo amene anachitira zaungwazizo, ndiponso kusowa kwake.

Apa ndiye pagona nkhani. Asilikali athu a Keyala, King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902, anamenya nkhondo ku Karonga pa 9 September 1914, n'kuthamangitsana ndi Ajeremani m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique pa nkhondo yoyamba ija, imene makolo anaitcha ya Chiwaya. Ana awo anafika ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942, ku chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944, ndipo ena anakafika ku Malaya m'zaka za m'ma 1950. Mamendulo a nkhondo yoyamba anali kudindidwa nambala ya msilikali, udindo wake, dzina lake ndi gulu lake: ozungulira m'mphepete, nyenyezi kumbuyo. A nkhondo yachiwiri ochokera ku Britain anabwera opanda dzina, n'chifukwa chake mtengo wawo uli pansi, pokhapokha ngati ali pamodzi ndi kabuku ka usilikali, kalata yotulukira ntchito kapena chithunzi cha mwini wake. Kapepala kachikasu kaja kamene ana amafuna kukolezera moto nthawi zina kamaposa mendulo yomwe.

Sindikukana kuti alipo mamendulo a kwathu kuno a mtengo wolemera. Ilipo ina, Africa General Service Medal, yokhala ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa Nyasaland 1915, imene anapatsidwa amene anathira nkhondo John Chilembwe. Kaya banja linganyadire imeneyo kapena ayi, ndi nkhani ya tsiku lina. Ilipo ya ungwazi ya asilikali akuda a Keyala, Distinguished Conduct Medal, imene anailandira ndi owerengeka. Zoterezi kwa ogulitsa odziwika a ku London monga Spink ndi Noonans zimatha kufika mapaundi mazanamazana, zina kudutsa 1,000, ndipo m'kwacha yathu ya lero amenewo ndi mamiliyoni ndithu. Koma wogula weniweni amayamba wawerenga dzina la m'mphepete, n'kukalifananitsa ndi kaundula wa mamendulo amene amasungidwa ku Kew, ku London. Dzina likafufutika, kapena likaoneka kuti wina analizokota ndi msomali dzulodzuloli, mtengo umagwa pomwepo. Safunsa anadya phula. Mdzukulu wa azakhali uja, pofunafuna golide, anapala chinthu chokhacho chimene chikanakweza mtengo.

Ndiye mabwana a mekyule wofiirawa amadyera pati? Ena amakuuzani kuti mendulo yanu iyenera kupimidwa kaye ndi makina, mulipire kangachepe, mawa muwonjezere ya mankhwala, mkuja ya mayendedwe a bwana. Mbuzi imapita, thumba la nyemba limapita, foni ya bwana n'kuzima. Ena amaitenga kuti akaionetse ku Lilongwe, osabweranso. Munthu wofuna kugula katundu wako sayamba ndi kukupempha ndalama.

Chimene chikundipweteka kwambiri si ndalamazo ayi. Pa nkhondo ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anagwidwa kukhala amtengatenga, kusenza ufa ndi zipolopolo pamutu. Ambiri anafera m'njira ndi kamwazi ndi njala, ndipo manda awo sadziwika. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a ku Africa kuno ndi ku Middle East, sanalembedwe mayina pa chikumbutso chilichonse monga anachitira ndi azungu. Tikamavala maluwa ofiira aja mu November, kapena kuima pa chipilala cha Keyala ku Zomba, tikukumbukira anthu amene ambiri a iwo mayina awo anatayika. Banja limene lili ndi mendulo yodindidwa dzina lili ndi umboni umene anzawo zikwizikwi alibe.

Ngati muli nayo, musaikweche, musaiboole, musaisiyanitse ndi zinzake kapena ndi kansalu kake ngakhale katasuluka. Itulutseni padzuwa, muyendetse chala m'mphepete, mwana wasukulu akopere m'kope nambala ndi dzina, ndipo muijambule pa foni mbali zonse. Pa ya azakhali ija tinayesa chomwecho, titakhala pamkeka, kuipendeketsa uku ndi uku. Tinangotolapo manambala awiri ndi zilembo za K.A.R. Dzinalo anachita kunditchulira okha azakhali, ndipo anayamba aganiza kaye.