Kugula Pamodzi Kungachepetse Mtengo wa Mabuku M'sukulu Zaukachenjede

Kukwera mtengo kwa mabuku ndi limodzi mwa mavuto amene akusautsa ophunzira m'sukulu zaukachenjede m'dziko muno. Mabuku ambiri a maphunziro a udokotala, uinjiniya ndi malamulo amasindikizidwa kunja, maka ku Britain, America, India ndi South Africa, ndipo ogulitsa amawalipira ndi ndalama zakunja.

Kotero kwacha ikagwa, mtengo wa buku umakwera nthawi yomweyo. Banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Buku la madola 50 limene linali pa K59,000 linafika pa K85,000, osawerengera ndalama zonyamulira.

Wogulitsa mabuku naye ali pampanipani. Akaitanitsa ochepa, mtengo wa buku limodzi umakwera. Akaitanitsa ambiri, amatha kumangika nawo mpaka wosindikiza atatulutsa buku lokonzedwanso. Ophunzira ambiri amathamangira ku makina a fotokope, koma kujambula buku lonse popanda chilolezo kumaphwanya lamulo loteteza alembi la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira.

Laibulale nayo siingasenze yokha mtolowu. Moto umene unabuka pa Mzuzu University pa 18 Disembala 2015 unapsereza mabuku pafupifupi 45,000 tsiku limodzi.

Njira yoyamba yochepetsera vutoli ndi kugula pamodzi. Sukulu zaukachenjede za boma zilipo zisanu ndi imodzi: UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MUST ndi Mzuni, ndipo maphunziro ena a chaka choyamba, monga masamu, amafanana. Oda imodzi yaikulu ingapereke mphamvu yonenerera mtengo komanso yopempha mabuku otchipa amene makampani ena amasindikizira maiko osauka. Chitsanzo chilipo kale: bungwe la MALICO, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limasonkhetsa ndalama malaibulale kuti alipire pamodzi zowerenga za pa intaneti.

Njira yachiwiri ndi mabuku aulere monga a OpenStax, ntchito imene Rice University ya ku America inayamba mu 2012. Chilolezo chake chimalola kusindikiza, motero sukulu ingalipire pepala ndi inki zokha, ndi kwacha.

Chachitatu, aphunzitsi a kuno akuyenera kulimbikitsidwa kulemba. Kachere Series ya ku Zomba ndi Mzuni Press zaonetsa kuti mabuku ozama angathe kusindikizidwa konkuno.

Zonsezi zikudalira akuluakulu oyendetsa sukulu. Aphunzitsi akapereka msanga mndandanda wa mabuku, makomiti ogula katundu amakhala ndi nthawi yofananitsa mitengo ndi kupempha ndalama zakunja ku mabanki. Oda ikachedwa, mabuku amabwera pa ndege, ndipo mtengo wake amausenza ndi wophunzira.