Ya bambo ndi ntchito, ya mayi ati n'chibwana

Pali kachizolowezi kena konyansa kamene olemba nkhani akhala akukalera ngati mwana wobadwa yekha. Mwamuna ndi mkazi wake akakhala kuti onse ndi aluso, zimene achita bambo amati ndi ntchito, koma zimene achita mayi amati n'zotayitsa nthawi podikira kuti ndiwo zipse. Amene akuti ndikukokomeza amve nkhani ya banja lina la ku Mexico.

Mu February 1933 nyuzipepala ya Detroit News, ku America, idatulutsa chithunzi cha mayi wa zaka 25 ali ndi burashi m'manja. Mutu wa nkhaniyo udamutchula kuti mkazi wa katswiri wojambula pazipupa, n'kuwonjezera kuti mayiyo akungoseweretsa utoto mosangalala. Dzina lake pamutupo padalibe. Katswiriyo adali Diego Rivera, ndipo woseweretsa utotoyo adali Frida Kahlo. Chopweteka n'chakuti wolemba nkhaniyo adali mayi mnzake.

Tiyeni tione masewera amene ankanenawo. Banjali lidapita ku Detroit mu 1932 chifukwa Rivera adapatsidwa ntchito yojambula pazipupa za Detroit Institute of Arts. Adajambula zigawo 27 zoonetsa anthu ndi makina m'mafakitale, ndipo ndalama adalipira ndi Edsel Ford, mwana wa mwini galimoto za Ford. Mu July chaka chomwecho Kahlo adapita padera n'kukagonekedwa ku chipatala cha Henry Ford. Atatuluka adatenga kachitsulo kophwatalala n'kudzijambulapo ali gone pabedi, magazi ali pansalu, mitsempha yofiira ikuchoka m'dzanja lake kukamangirira zinthu zisanu ndi chimodzi, pakati pake khanda limene adalitaya, nkhono ndi fupa la m'chiuno. Patali pakuoneka mafakitale aja amene mwamuna wake ankawatamanda pakhoma. Abale, munthu angaone chithunzi chotere n'kunena kuti mwini wake akusewera? Mayi akulira mwana wake ndi utoto, inu mukuti akukondwa?

Ndikudziwa chimene ena ayankhe. Ati m'chaka chimenecho Rivera adali ndi zaka 46, dziko lonse linkamudziwa, ndipo mu 1931 Museum of Modern Art ya ku New York idali itachita kale chionetsero cha ntchito zake zokhazokha, pamene mkazi wake adali asanachitepo chakechake. Zoonadi. Koma munthu wongoyamba kumene ntchito ndi munthu woseweretsa ntchito ndi anthu awiri osiyana. Mnyamata wa zaka 25 akajambula chinthu choopsa chotere, olemba amati kwabadwa katswiri. Mtsikana akakhala kuti ali pabanja, amayamba ayang'ana mphete kenaka chithunzi, ngati n'komwe achiyang'ane.

Ntchito ya Kahlo idali ntchito ndithu, ya thukuta ndi malipiro ake. Iye ankafuna kudzakhala dokotala, koma mu 1925 basi imene adakwera idawombana ndi sitima ya m'tauni, thupi lake n'kuthyokathyoka. Adayamba kujambula ali chigonere, kalilole atamuikira pamwamba pa bedi. Adakwatiwa ndi Rivera mu 1929, adasudzulana mu 1939, n'kukwatirananso mu 1940, koma burashi sadaisiye. Mu 1938 adachita chionetsero chake choyamba ku New York, ndipo chaka chomwecho katswiri wa mafilimu Edward G. Robinson adamugula zithunzi zinayi pa madola 200 chilichonse. Mu 1939 boma la France lidagula chithunzi chake. Mu 1943 adayamba kuphunzitsa pa sukulu ya zojambula ya La Esmeralda. Nanga kwawo ku Mexico? Kumeneko adadikira mpaka 1953 kuti achite chionetsero cha iye yekha, pamene adali atadwalika zedi. Adafika pa ambulansi, alendo ake adawalandira ali pabedi, ndipo chaka chotsatira adamwalira ali ndi zaka 47.

Tsono nazi zimene awiriwa ankachitadi pofuna kusangalatsa mtima, poti zinalipo. Rivera ankatolera timafano, miphika ndi zosema za makolo a dziko lake, za m'nthawi imene Azungu adali asanafike. Adatolera zoposa 50,000, n'kuzimangira nyumba yamiyala yotchedwa Anahuacalli, imene idatsekulidwa mu 1964, iye atamwalira kale mu 1957. Kahlo ankaweta apusi, zinkhwe, agalu opanda ubweya ndi kagwape ku nyumba yake ya Casa Azul ku Coyoacán. Ankasunga zidole, ankakonda maluwa ndi zovala zazitali za amayi a ku Tehuantepec. Onanitu kukondera kwake. Chosangalatsa mtima cha bambo chidalemekezedwa ngati maphunziro akuya, ndipo palibe adanenapo kuti Rivera ndi wotolera miphika amene amajambulako akapeza mpata. Za mayi zidasakanizidwa dala: apusi, madiresi ndi zithunzi zonse mumtanga umodzi, ngati kuti zonsezo n'zokongoletsera pakhomo pa katswiri.

Ena akuti mlanduwu udatha. Mu 2021 chithunzi cha Kahlo chotchedwa Diego y yo chidagulitsidwa madola 34.9 miliyoni ku New York, kuposa kutalitali madola 9.76 miliyoni amene chithunzi cha Rivera chidapeza pa okushoni mu 2018. Ati basi, mayi wapambana bambo, chilungamo chayenda ngati madzi. Ine ndikukana. Ndalamazo zidalowa m'matumba a amalonda, mwini wake ali m'phulusa zaka 67. Komanso taonani chimene chikugulitsidwa m'misika: nkhope yake pa malaya, pa makapu ndi pa zikwama, mpaka mu 2018 kampani ya Mattel idamuumba kukhala chidole cha Barbie. Kale ankati mkazi wa Rivera, lero akuti mayi wa nsidze zolumikizana ndi maluwa kumutu. Mwa anthu ovala malayawo, ndi angati adaonapo kachitsulo ka ku Detroit kaja? Chipongwe n'chomwechija, changosintha chitenje.

Ndipo tisathamangire kuseka Amereka a mu 1933, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Kuno kwathu mayi akamaimba m'gulu limodzi ndi mwamuna wake amati amathandizira. Akamaumba, kuluka kapena kupaka utoto zimene bambo asema, amati n'kogulira mchere. Mtolankhani akafika pakhomo pa banja lotere, bambo amawafunsa kumene amatenga nzeru, mayi amawafunsa kuti amakwanitsa bwanji kusamala ana. Pachikwangwani dzina limalembedwa limodzi, ngakhale manja adagwira anayi.

Sindikupempha kuti mayi aliyense wokwatiwa ndi waluso azitamandidwa. Ayi ndithu. Ndikuti mumutchule dzina lake, muyang'ane ntchito yake, ndipo ngati ili yoipa munene poyera kuti ndi yoipa, monga muchitira ndi amuna. Kudzudzula ntchito ya munthu n'kuvomereza kuti ndi ntchito. Chimene chimapha luso ndi kumwetulira kuja konena kuti, "Eee, nawonso mayi amayesako!" Akonzi a masamba ano, mukalandira nkhani yotchula waluso kuti mkazi wa uje, ibwezeni kwa mwini wake akafunse kaye dzina.